Mmene Wantchito wa mu Ofesi Angaphunzirire Luso Latsopano Makina Asanamulande Mpando

Amene anagwirapo ntchito mu ofesi ya maakaunti zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene mapeto a mwezi ankakhalira. Kalaliki ankayala sitetimenti ya kubanki mbali imodzi ya tebulo, buku la ndalama mbali inayo, n'kumatsetsereka ndi lula mzere ndi mzere, akuchonga ndi bolopeni yofiira cheke chilichonse chimene chaoneka mbali zonse ziwiri, ndipo kusiyana kwa matambala ochepa chabe kunkatha kumukhazika munthu mu ofesi mpaka minibasi zitasiya kuyenda. Lero ntchito yomweyo pulogalamu ya pakompyuta imaimaliza tiyi asanazizire. Zofanana ndi zimenezi zachitika pa kauntala ya banki: chiyambire pamene Airtel Money inafika m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, anthu ambiri amene kale ankaima pa mzere kuti alipire madzi, magetsi kapena fizi ya ana, tsopano amangodina foni ali pakhonde. Msonkho ukulipidwa kudzera pa Msonkho Online, katundu wa m'malire akudutsa pa ASYCUDA, ndipo ndalama za boma zikuyendera mu IFMIS, onsewa ndi mapulogalamu a pakompyuta.

Malangizo awa ndalembera kalaliki, sekilitale, wolandira ndalama pa kauntala, wolowetsa manambala m'kompyuta, wokonza malipiro, ndi aliyense amene akuona kuti ntchito imene inkamudyera tsiku lonse yayamba kutha isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Kafukufuku amene bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linatulutsa mu 2023 anapeza kuti pa ntchito zonse, ya ukalaliki ndi imene ili poyera kwambiri pamaso pa mapulogalamu atsopano a AI (amene amatsanzira nzeru za munthu), chifukwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a zimene kalaliki amachita makinawo angathe kuzichita mosavuta. Choncho nkhawa yanu si yachabe. Koma nkhawa yokhayo imakankhira anthu ambiri ku chinthu cholakwika, chomwe ndi kuthamangira sukulu iliyonse imene yalengeza kosi yokhala ndi dzina lokopa, asanadziwe n'komwe chimene chikusoweka pa iwo.

Yambani mwa kuiphwasula ntchito yanu

Makina satenga udindo wa munthu wonse nthawi imodzi, amathyolako zidutswa. Mbiri ya ATM imasonyeza zimenezi bwino. Makina oyamba anaikidwa pa nthambi ya Barclays ku Enfield, mumzinda wa London, mu 1967, ndipo ambiri ankaganiza kuti ogwira ntchito pa kauntala atha msanga. Ku America, chiwerengero chawo pa nthambi imodzi ya m'tauni chinatsikadi kuchoka pa anthu pafupifupi 20 kufika pa 13 pakati pa 1988 ndi 2004, koma popeza kuyendetsa nthambi kunatchipa, mabanki anatsegula nthambi zambiri, ndipo amene anatsalawo anasiya kungowerenga ndalama n'kuyamba kufotokozera makasitomala za ngongole ndi mitundu ya maakaunti. Mpando unatsala, koma zochita za pampandopo zinasintha, ndipo amene anavutika ndi aja amene luso lawo lonse linali m'zala zowerengera ndalama.

Chifukwa cha ichi, chinthu choyamba si kulembetsa kosi ayi, koma kugula kope la masamba ochepa n'kumalembamo, kwa masabata awiri athunthu, chilichonse chimene mwachita kuntchito ndi nthawi imene chakutengerani. Musalembe mawu okuluwika ngati akuti "ndagwira za maakaunti", koma lembani zenizeni: kukopera manambala a ma invoice kuchoka pa pepala kupita m'kompyuta, maola awiri, kuimbira foni wogulitsa katundu amene wabweretsa invoice yosemphana ndi oda, mphindi 20, kufotokozera bwana chifukwa chimene ndalama ya mafuta yadumphira bajeti mwezi uno, theka la ola. Masabata awiriwo akatha, khalani pansi ndi bolopeni ziwiri za mitundu yosiyana. Ndi imodzi, chongani chilichonse chimene mungathe kumulembera mwana wa Fomu 4 papepala kuti "ukaona chakuti, chita chakuti" iye n'kuchichita mosaphonya. Zimenezo ndi zimene makina atenge, kapena atenga kale kwina ndipo kwanuko angochedwa kufika. Ndi bolopeni inayo, chongani zimene zinafuna kuti muweruze nokha, kuti mukambirane ndi munthu wokwiya, kapena kuti muzindikire kuti nambala inayake ngakhale ikuoneka yolondola ikununkha chinyengo.

Ambiri akachita zimenezi amadabwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti gawo lotengeka ndi makina limakhala lalikulu kuposa mmene ankaganizira. Chachiwiri, chomwe ndi chofunika koposa, n'chakuti m'gawo laling'ono lotsalalo mumapezeka luso limene iwo eni sankaliwerengera n'komwe, chifukwa silinalembedwe pa kalata yawo ya ntchito. Ndinagwirapo ntchito ndi mayi wina amene kwa zaka zambiri ankalowetsa ma invoice m'kompyuta, ndipo pamene pulogalamu yatsopano inabwera aliyense anati mayiwo ndiwo ayambe kupita. Patapita miyezi itatu zinaoneka kuti iwo okha ndiwo ankadziwa wogulitsa amene amakonda kutumiza invoice imodzi kawiri atangosintha deti, ndi amene amawonjezera VAT pa katundu wosayenera msonkhowo. Pulogalamu inkalandira zonsezo osafunsa. Mayiwo sankafunika kuphunzira ntchito yachilendo. Chimene ankasowa chinali kudziwa kuuza pulogalamuyo zimene iwo ankadziwa kale.

Sankhani ntchito yoyandikana ndi yanu

Pali malangizo amene afala masiku ano akuti aliyense aphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kwa mnyamata wa zaka 22 amene alibe banja, mwina angathandize. Kwa munthu wa zaka 43 amene ali ndi ana kusekondale ndi lendi yolipira pa 1, ine ndimaona kuti ndi malangizo oipa, chifukwa amamuuza kuti ataye zaka 15 za zimene akudziwa n'kukaima kumapeto kwa mzere pamodzi ndi achinyamata ongotuluka kumene ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuzu University, amene angathe kugona pa kompyuta usiku wonse ndi kulandira malipiro ochepa. Njira yanzeru ndi kusunthira pa mpando wapafupi, pamene zimene mukudziwa kale zikhale theka la ulendo.

Wogwira ntchito pa kauntala ya banki wakhala akuona zitupa, masiginecha ndi nkhope za anthu kwa zaka zambiri, ndipo amadziwa mmene munthu wobwera ndi nkhani yabodza amayankhulira. Kuchokera pamene lamulo la Financial Crimes Act linakhazikitsidwa mu 2017, chaka chomwenso anthu analembetsa zitupa za unzika m'dziko lonse, mabanki ndi makampani otumiza ndalama pafoni akakamizika kudziwa bwino makasitomala awo ndi kupereka malipoti a ndalama zokayikitsa ku Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lofufuza ndalama zoterozo. Imeneyi ndi ntchito imene makina amangothandiza pochenjeza za zokayikitsa, koma woweruza amakhala munthu. Wa pa kauntala angathenso kupita ku ntchito yoyendera ndi kuphunzitsa ma ejenti a banki m'maboma, kapena yofufuza madandaulo a anthu amene ndalama zawo zasowa pakati pa foni ndi akaunti. Kalaliki wa maakaunti ali pafupi ndi ntchito yofufuza mabuku m'kati mwa kampani, yokonza malipoti a oyang'anira, ndi yothandiza kukhazikitsa mapulogalamu monga Sage kapena QuickBooks m'mabizinesi ang'onoang'ono amene mpaka pano akusunga malisiti m'katoni. Sekilitale, amene kutayipa kwake bwana aliyense tsopano amadzichitira yekha, ali pafupi ndi ntchito yogula katundu, yosunga mafayilo a pakompyuta mwadongosolo, ndi yoonetsetsa kuti ofesi ikutsata lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, limene maofesi ambiri sanapezebe munthu wolimvetsa.

Musanasankhe, chitani kafukufuku wotchipa kwambiri amene alipo. Kwa mwezi umodzi, dulani kapena jambulani malonda onse a ntchito za mtundu umene mukuufuna amene atuluke m'nyuzi za The Nation ndi The Daily Times ndiponso pa intaneti, ndipo musayang'ane dzina la udindo koma mndandanda wa zimene akufuna kuti munthu azidziwa. Mawu amene akubwerezedwa m'malonda 10 mwa malonda 15 ndiwo silabasi yanu. Kenako pezani munthu mmodzi amene akugwira kale ntchitoyo, mumugulire chakumwa chozizira, ndipo mumufunse chimene amachita Lolemba m'mawa akangofika. Safunsa anadya phula, ndipo phula la masiku ano limagulidwa ndi fizi ya miyezi 18.

Luso limodzi limene aliyense wa mu ofesi ayenera kulizamitsa

Pafupifupi aliyense amalemba pa CV kuti amadziwa Excel, koma ambiri chimene amadziwa ndi kulemba manambala m'timabokosi n'kuwaphatikiza pansi. Kusiyana kwa munthu amene makina akumulanda ntchito ndi amene akuyendetsa makinawo nthawi zambiri kumayambira pomwepa, ndipo kuphunzira kwake sikufuna sukulu. Tengani ntchito ija ya mapeto a mwezi. Ikani sitetimenti ya kubanki pa tsamba limodzi, buku la ndalama pa tsamba lina, ndipo phunzirani kugwiritsa ntchito VLOOKUP, kapena XLOOKUP ngati Excel yanu ndi yatsopano, kuti kompyuta ifufuze yokha nambala ya cheke kapena ya malipiro m'masamba onse awiri n'kukuonetsani zokhazo zimene sizikugwirizana. Tsiku loyamba idzakubwezerani #N/A, kutanthauza kuti sinapeze chofanana, pa mizere yambiri imene inu mukuona ndi maso kuti ndi yofanana, ndipo mudzakwiya. Chifukwa chake kawirikawiri chimakhala chakuti nambala ina inalembedwa ngati mawu, kapena kumapeto kwake kuli kampata kosaoneka kamene fomula ya TRIM imachotsa. Tsiku limene mudzazindikire zimenezo panokha ndi limene mudzayambe kumvetsa zimene anthu amatanthauza akamanena za kutsuka data.

Mukadutsa pamenepo, phunzirani pivot table, imene imasandutsa mizere 5,000 kukhala tebulo laling'ono losonyeza ndalama zimene dipatimenti iliyonse yawononga mwezi ndi mwezi, kenako Power Query, imene imakumbukira masitepe onse amene munachita kuti mwezi wamawa mungodina kamodzi. Amene akufuna kupitirira angalowe mu Power BI, yokonzera malipoti a zithunzi, ndi SQL, yofufuzira data yochuluka. Zonsezi zimaphunzitsidwa kwaulere pa Microsoft Learn ndi pa YouTube, ndipo pa Coursera munthu angathe kupempha chithandizo cha fizi. Chinsinsi chake n'chakuti musaphunzire ndi zitsanzo za m'vidiyo zokha, za masitolo a ku California, koma tsiku lomwelo yeserani pa ntchito yanu yeniyeni, chifukwa chimene mwachigwiritsa ntchito mawa lake sichiiwalika.

Mapulogalamu onga ChatGPT, amene anatuluka kumapeto kwa 2022, aphunzireninso, koma muwatenge ngati kalaliki wachinyamata wachangu amene sachita manyazi kunama. Amalemba kalata, kufupikitsa lipoti ndi kufotokoza fomula ya Excel imene yakuvutani mofulumira kwambiri, koma amatha kupeka nambala kapena ndime ya lamulo imene kulibe, ndipo amene adzayankhe mlandu ndi amene wasaina. Musaikemo mayina a makasitomala, manambala a maakaunti kapena malipiro a anzanu, chifukwa kutero kungakuchotsetseni ntchito msanga kuposa makinawo. Dziwaninso kuti Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao chawo chikadali chopunduka poyerekeza ndi Chingerezi, kotero kuti luso lanu lofotokozera mlimi wa fodya, m'chinenero chake, chifukwa chimene ngongole yake yakulira, si chinthu chochipeputsa.

Za mapepala, ndalama ndi nthawi

M'dziko muno pepala likadali ndi mphamvu, makamaka m'boma ndi m'mabanki, ndipo sindikunamizani kuti luso lokha likukwanirani. Koma pepala lizitsatira chisankho chimene mwapanga, osati kutsogolera. Musanalipire tambala, funsani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, ndiponso ngati kosi yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi ina m'kati mwake ayi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo alipo anthu amene anavala gauni, kujambulitsa zithunzi ndi kuchita phwando, n'kudzauzidwa pa intavyu kuti digiri yawo siidziwika. A za maakaunti ali ndi mayeso a bungwe lawo la m'dziko muno la ICAM, amene amalipiridwa m'makwacha. A mabungwe a ku Britain a ACCA ndi CIMA amalipiridwa m'mapaundi, ndipo amene anali pakati pa maphunzirowo pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anaona fizi yawo itakwera usiku umodzi. Werengerani mtengo wa ulendo wonse, osati wa pepala loyamba lokha. A m'mabanki ali ndi Institute of Bankers in Malawi, ndipo a m'boma afunse za makosi a Malawi School of Government.

Phunzirani muli pa ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kusiya ntchito kuti mukaphunzire mokwanira ndi chinthu chimene ndingalangize anthu ochepa kwambiri. Ola limodzi patsiku, masiku asanu pa sabata, kwa miyezi isanu ndi umodzi, limakwana maola oposa 120, omwe ndi okwanira kusintha mmene mumagwirira ntchito ndi Excel. Nthawi yabwino kwa ambiri ndi m'mawa ofesi isanadzaze, kapena ola limodzi mutaweruka pamene ena akulimbana ndi mizere ya minibasi, chifukwa kuofesi kuli magetsi ndi intaneti pamene kunyumba bandulo imatha ndipo magetsi amazima. Tsitsani mavidiyo pa foni muli kumeneko kuti mukaonere kunyumba. Ngati fizi ikufunika, chipereganyu kapena banki mkhonde ndi njira yabwino kuposa katapila, amene chiwongoladzanja chake chimakula msanga kuposa malipiro amene mukuyembekezera.

Abwana anu musawabisire. Olemba anthu ntchito amapereka levy ya 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo bungweli lili ndi mapulogalamu othandiza makampani opereka levy kuphunzitsa antchito awo, ngakhale kuti antchito ambiri sadziwa n'komwe kuti angafunse. Koma mukamapita kwa bwana, musapite ndi pempho lopanda kanthu m'manja lakuti "ndikufuna kupita ku maphunziro", chifukwa amamva ngati mukufuna alawansi ya kunyanja. Pitani ndi chinthu chimene mwachita kale: "Bwana, lipoti la mafuta limene linkatitengera masiku atatu ndalikonza kuti lizituluka m'maola awiri, ndikanaphunzira Power BI ndikanachita chimodzimodzi ndi la katundu wa m'sitolo." Ndipo mukamva kuti kampani ikubweretsa pulogalamu yatsopano, dziperekeni msanga kukhala m'gulu loiyesa, ngakhale kuti zimatanthauza kugwira ntchito Loweruka popanda malipiro owonjezera. Akatswiri oikhazikitsa akapakira kubwerera ku Johannesburg kapena ku Nairobi, munthu amene amatsala akudziwa pamene pulogalamuyo imatsimphina ndi amene ofesi yonse imamufuna.

Chilichonse chimene mwakonza chilembeni m'kope lomwe lija, ndi manambala ake: ntchito inali yotani, inkatenga nthawi yaitali bwanji, tsopano ikutenga yotani. Zimenezi ndi zimene muike pa CV m'malo mwa mawu otopetsa aja akuti ndinu olimbikira ntchito ndi odziwa kugwira ntchito ndi anzanu, amene aliyense amalemba. Ngati mukufuna kusonyeza chitsanzo pa intavyu, konzani china chokhala ndi manambala opeka, osati a kampani yanu.

Kalata ikafika musanakonzeke

Nthawi zina zonsezi zimachedwa, ndipo munthu amaitanidwa ku ofesi ya oyang'anira antchito n'kuuzidwa kuti udindo wake wathetsedwa. Musasaine pepala lililonse tsiku lomwelo; pemphani kuti mulitenge mukaliwerenge. Lamulo la Employment Act, monga linasinthidwira mu 2010, limati wochotsedwa ntchito chifukwa cha kuchepetsa antchito alandire ndalama ya severance yokwana malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata 3 pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka chilichonse kuyambira cha 11. Munthu amene wagwira zaka 12 ayenera kulandira malipiro a masabata 33, kuwonjezera pa za notisi ndi za masiku a tchuthi amene sanapume, ndipo ndalama imeneyi ndi yosiyana ndi ya penshoni. Ngati kawerengedwe kakusemphana, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court.

Pokambirana za kuchoka kwanu, pemphaninso zinthu zimene sizidula kampani ndalama zambiri koma kwa inu n'zazikulu: kalata ya umboni yofotokoza mwatsatanetsatane mapulogalamu amene munkagwiritsa ntchito, fizi ya mayeso amene munalembetsa kale, kapena mwayi wogula pa mtengo wotsika laputopu imene munkagwiritsa ntchito. Ndalama ya severance ikalowa mu akaunti, achibale adzamva, ndipo anzanu adzabwera ndi mapulani a minibasi ndi a nkhuku. Patulani kaye lendi ndi chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi, kenako fizi ya luso limene munasankha lija, ndipo m'miyezi imene mukufunafuna ntchito pezani golosale, sukulu ya mkaka kapena kwaya ya kutchalitchi imene mabuku ake ali m'chipwirikiti, muwakonzere ngakhale pa mtengo wochepa, kuti pa CV pasakhale mpata wopanda kanthu ndiponso kuti manja asaiwale VLOOKUP.